Dzina la pa Epuloni

Ulendo wa ku Franschhoek ndinaukonza ndine, ndipo ndisakunamizeni kuti ndinkafuna kukaona mapiri. Mapiri ndinawaona kwathu ku Dedza mpaka anandikwana. Amayi a Mvano a mpingo wathu ku Bellville atagwirizana zoti m'chaka cha 2016 tikapitidwe mphepo limodzi, ena ankati tipite kunyanja, koma ine monga mlembi ndinaumirira mpaka onse anagonja. Nyumba ya alendo yokamwerako tiyi ndinaisankhanso ndekha. Palibe ankadziwa kuti kumeneko kumagwira ntchito Alinane, mwana wa amayi anga aang'ono, amene ndinali nditamusungira chakukhosi kwa zaka zitatu.

Kuno ku Joni, ukamapita kumudzi ntchito suisiya pamtunda, umaika m'bale wako kuti akugwirire. Ine ndinali nditachapa ndi kusita kwa zaka zinayi pa nyumba ina ya alendo m'tauni ya Cape Town pamene uthenga unafika woti amayi anga amwalira. Alinane anali atangofika kumene, wopanda mapepala, akugona pansi m'chipinda changa ku Gugulethu. Ndinamuveka epuloni yanga, yomwe pachifuwa anasokapo dzina langa loti Viness, ndinamupatsa fotokope ya pemiti yanga yogwirira ntchito, n'kumuuza kuti akaitana Viness aziyankha. Kapitawo wathu anavomera. Nditabwerako kumaliro patatha miyezi iwiri, ndinapeza eni nyumba aigulitsa, asamukira kumapiri, ndipo Viness wawo apita naye. Foni yanga Alinane sankayankha. Viness weniweni ndinatsala ndikugulitsa mandasi pa renki ya maminibasi ku Bellville, mwana amene ndinkamubereka kumsana akundidyera masuku pamutu.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa, amayi khumi ndi asanu mu minibasi imodzi, tonse m'chitenje chofanana. Kunali kozizira koopsa. Tisanafike n'komwe ku Paarl, a Estere, amene ndi atcheya athu, anali atayambitsa kale nyimbo zitatu, mazira owiritsa ndi nkhuku yokazinga zikuyenda mpando ndi mpando. Ine sindinaimbe ndipo sindinadye. Dzanja langa linali m'chikwama, litagwira pasipoti yanga.

"Mlembi, mwatani kodi? Nkhope ngati mukupita ku khoti," anatero a Estere.

"Mutu, amayi," ndinayankha.

Sikunali kudwala. Ndinkabwereza mumtima mawu oti ndikanene, ndipo ndinkawakonza ngati munthu wonola mpeni. Sindinkafuna ndewu, sindinkafunanso kuti ntchitoyo andibwezere. Ndinkafuna kuti Alinane avule epuloni ija anthu akuona, atuluke pachipata ndi kachikwama kake monga anafikira kwa ine.

Titakhota kusiya msewu waukulu, minda ya mphesa inayamba, mizere yowongoka mbali zonse, yopanda tsamba n'limodzi lomwe chifukwa cha nyengo yozizira. Amayi ena anadandaula kuti azunguwa alima chinangwa chouma. Kenako mapiri anatizinga, aatali, akuda, pamwamba pake patayera ndi chipale. Minibasi yonse inadzaza mawindo ndi mafoni. Tauni yake ndi kamsewu kamodzi ka nyumba zoyera, azungu atakhala panja atafunda mabulangeti m'miyendo, akumwa vinyo dzuwa lisanafike pamutu.

"Awa ndiye achimwa m'mawa," anatero a Estere, onse n'kufa nako kuseka.

Nyumba ya alendo ija inali kumapeto kwa tauni, m'tsinde mwa phiri. Anali atatiyalira tebulo lalitali pakhonde. Ndinakhala kumapeto kwenikweni, moyang'anana ndi chitseko cha kukhitchini, ndipo sindinadikire nthawi yaitali. Alinane anatulukira atanyamula thireyi, atanenepa, khungu lili see, tsitsi loluka bwino. Pachifuwa pake panali dzina langa, losokedwa ndi ulusi wobiriwira pa epuloni yatsopano.

Ataona zitenje zathu anamwetulira n'kuthyola bondo. "Takulandirani amayi, muli bwanji nonse?"

Amayi anaimba nthungululu pomva Chichewa kumapiri kwa eni. Kenako maso ake anafika pa ine. Makapu analira pa thireyi.

"Achemwali," anatero chapansipansi.

"Ndithirireni tiyi, a Viness," ndinatero mokweza. "Shuga masupuni atatu. Paja mukudziwa."

Anathira, tiyi wina n'kutayikira m'sosala. Ndinamuuza kuti apukute. Anapukuta. Ndinati wazizira, akatenge wina. Anapita. Ndikuuzeni zoona, zinandikomera kwambiri, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Pobwera anawerama ngati akukonza supuni. "Chonde achemwali, osati pano. Ndili ndi mwana tsopano. Tikambirane kuseri."

"Zaka zitatu foni yako inalibe kuseri?"

Asanayankhe, adona eni nyumba anatulukira. Ndinawazindikira msanga: tsitsi lomwelo lofiirira, magalasi olendewera pakhosi, ndolo zomwe zija zimene ndinazitolapo kawiri m'thumba la malaya pochapa n'kuwabwezera m'manja. Anazungulira tebulo akupereka moni m'Chingerezi, ndipo atafika pa ine anamwetulira monga anamwetulira kwa ena onse. Kenako anakoleka dzanja paphewa la Alinane.

"Uyu ndi wa kwanu," anatiuza. "Viness wanga. Ndakhala naye zaka zisanu ndi ziwiri, sanandikhumudwitsepo."

Zisanu ndi ziwiri! Zinayi mwa zimenezo zinali zanga, za manja anga osweka ndi sopo, za msana wanga pa ayironi. Ndinaimirira mpaka mpando unagwa chagada, ndinatulutsa pasipoti, ndinaitsegula pa tsamba la chithunzi n'kuimenyetsa patebulo patsogolo pawo. Mawu onse amene ndinanola m'njira anathawa. Ndinangoti, "Madam, read."

Alinane anatseka maso.

Adona anavala magalasi, ananyamula pasipoti ija n'kuwerenga dzinalo pang'onopang'ono. Chithunzi anangochidutsa. Kenako nkhope yawo inawala.

"Ayi zikomo kwambiri, mwaitola kuti?" anandifunsa. Anatembenukira kwa Alinane n'kumugwedezera chala. "Viness, pasipoti sataya chonchi. Thokoza mayiyu, ndi wokhulupirika." Anamuika pasipoti yanga m'manja, anandisisita pamkono, n'kulowa m'nyumba kukayankha foni imene inkalira.

Ndinatsala chiimire, pakamwa pali yasa. Ndinabwera kudzamulanda dzina, ndipo tsopano anali nalo dzina ndi pasipoti yomwe, atapatsidwa ndi adona pamaso pa mboni khumi ndi zinayi. A Estere anayang'ana ine, anayang'ana epuloni, n'kugwira pakamwa. Panalibe wotafuna.

Alinane anaiyang'ana pasipotiyo nthawi yaitali. Akanatha kuiponya m'thumba la epuloni n'kulowa kukhitchini, ndipo sindikudziwa kuti ndikanakadandaula kwa yani. Koma anazungulira tebulo, anagwada pa simenti yozizira ija, n'kundipatsa ndi manja awiri. Misozi inali ikutsika, koma mawu ake sanagwedezeke.

"Mwaona, achemwali? Tsiku lija ndinalowa m'malo mwanu ndinkaopa kuti adona andigwira. Mpaka lero sanandiyang'anepo kumaso. Mawa mutavala epuloniyi inuyo, adzangoti Viness waonda."

Ndinailanda pasipoti yanga mwaukali. Sindinamukhululukire, ndipo musayembekezere kuti ndinena zimenezo. Koma mkwiyo umene ndinaunyamula kuchokera ku Bellville unasowa pofikira. Ndinkafuna kuti mwini nyumba adziwe kuti wakuba ndi uti, pamene iye sankadziwa n'komwe kuti tilipo awiri.

Mkati adona anaitana, "Viness!"

Ndinadzimva ndekha ndikuyankha, "Madam!" mofulumira kuposa Alinane, amayi onse a Mvano akundiyang'ana.