Zidole Zopanda Khomo

Denga lathu litayamba kudontha, zidole za amuna anga zinayamba kununkha chuku. Iwo amasema zidole zamtengo, ine ndimazisokera zovala, kenako amakazivinitsa ndi zingwe m'masukulu ndi pamsika uku akuimba. Timadyera pomwepo. Ndiye titamva kuti boma lamanga nyumba ya anthu aluso, akuti luso nalo litukule dziko, tinalawirira ndi katoni ya zidole kukapempha chipinda chosadontha.

Tinapeza makomo atatu: la azisudzo, la oimba ndi la osema. Munthu alowe khomo limodzi basi.

Kwa azisudzo, mayi wamagalasi anafunsa kuti, "Ochita sewero muli angati?"

"Ndi awa," anatero amuna anga akutsegula katoni.

"Bambo, kuno timalandira anthu. Mitengo ili ndi khomo lake."

Kwa oimba anatibweza poti sitinajambulitsepo nyimbo. Kwa osema, bwana wake ananyamula chidole chimodzi, mwendo uli lende, kukamwa kuli yasa.

"Chosema chimaima chokha pashelefu, mlendo n'kugula, dziko n'kupindula. Ichi chikugwedera paliponse."

Ndinapsa mtima. "Achimwene, chimagwedera dala! Ndiyo ntchito yake!"

"Mayi, magulu sindinagawe ndine."

Abale inu, zipinda zili pululu, ife n'kumatiponya uku ndi uku ngati mpira! Mvula nayo sinatidikire, zidole ziwiri zinafufuma n'kung'aluka.

Tsiku lina ndikuchokera kumsika, fungo la guluu linandichingamira panja. Amuna anga anali atadula zingwe zonse. Ankamata mawondo, zigongono ndi zibwano, chidole chilichonse n'kuchikhomera pakathabwa.

"Abambo, mwapenga kodi?"

"Kusiyana n'kuti ziwole," anatero osandiyang'ana.

Chipinda anatipatsadi, kwa osema. Bwana uja mpaka anayamikira kuti tsopano ndiye zaoneka zaluso. Anatichenjezanso kuti kumeneko saimbako, oimba ali ndi mbali yawo. Zidole zangoti ndii pashelefu, alendo ogulawo sitinawaonebe.

Dzulo kunabwera aphunzitsi aakulu a sukulu ina imene tinkapitako kawirikawiri.

"Takufunafunanitu! Ana akungotivutitsa. Mubwera liti kudzavinitsa?"

Amuna anga anakweza dzanja pamwamba pa chidole chimodzi monga ankachitira kale, zala n'kuyamba kusewera zokha. Chidolecho sichinasunthe. Aphunzitsi aja anadikirabe, akumwetulira.

Ine ndinangotuluka panja.