Mayi Sinditsitsa Pachiwaya cha Pakora

Mwana wake wachitsiriza atapsa dzanja ndi mafuta kulesitilanti kumene ankagwira ntchito, Mayi Sinditsitsa sanalire. Anayang'ana matuza aja, n'kufunsa chinthu chimodzi basi: "Nanga ntchito?"

"Akuti akapeza wina ndisadzapitekonso," anayankha mtsikanayo. "Pachiwaya sipakhala popanda munthu, amayi."

Ntchito imeneyo ndiyo inkadyetsa nyumba yonse. Mayiyo anali atasiya kale kukazinga tchipisi m'mbali mwa msewu, miyendo itayamba kutupa. Dzina lakelo analitola komweko. Munthu akati anenerere mtengo, iye ankangoti "sinditsitsa," koma mbale ankaidzaza mpaka kutayikira.

M'mawa mwake anavala epuloni ya mwana wake, yosamukwana m'chiuno, n'kukaima pakhomo la kuseri kwa lesitilanti. Khukhi wamkulu anakana. Mayiyo sanasunthe.

"Ndinayamba kukazinga inu musanamere mano, bambo. Ndiloleni ndimusungire mwana wanga malo mpaka dzanja lipole. Ine musandipatse kanthu, muzimupatsa iyeyo."

Khukhi anakanda m'mutu, n'kuyang'ana chiwaya chili chokhachokha.

"Lowani. Koma muchite zimene ndikuuzeni. Osaonjeza, osachotsa."

Lesitilantiyo inali ya zosakaniza: nsomba yophika mwa dziko lina, msuzi wa dziko linanso, mpunga wa kwina, zonse kukumana m'mbale imodzi. Choyambira kudya chinali pakora, masamba oviika mu ufa n'kukazinga, amene khukhiyo anaphunzira kwa anzake a ku India ndi ku Nepal. Khukhiyo anadula anyezi mopyapyala, kabichi, sipinachi, n'kuwaza mchere. Anafinya ndi manja mpaka madzi anatuluka okha.

"Madzi ena osathira. Ufa wa nyemba za tchana umamwa omwewa."

Anathira ufawo, tsabola ndi jinja, n'kutapa ndi nsonga za zala tinthu tangati mazira a njiwa, n'kumaponya m'mafuta. Titapsa, anatenga mbale yoyera, yaikulu ngati beseni losambitsira khanda, n'kuikapo titatu pakatikati. Anadontheza msuzi wa bwemba m'mbali, pamwamba n'kusanjikapo katsamba.

"Mwaiwala kuika zinazo," anatero mayiyo.

"Zathera pomwepa."

"Munthu wamkulu, wandevu zake, adye timeneti? Mukuweta mbalame kuno?"

"Aka n'kodzutsa njala, amayi. Kasitomala alawe, m'mimba mulire, ndiye aitanitse nsomba kapena nyama. Phindu lathu lili kumeneko."

"Kudzutsa njala! Njala inayamba liti kugona?"

Woperekera zakudya, bambo wamtali wadazi amene onse ankamutcha Nsungwi, anaseka ali pakawindo kotulutsira mbale.

"Apongozi, kuno anthu sabwera ndi njala, amabwera ndi foni. Ajambule kaye, kudya pambuyo."

"Mpongozi wako ndani? Mwana wanga sangakwatiwe ndi mtengo wa magetsi."

Poyamba anamvera. Ankatapa pang'ono, n'kuponya m'mafuta, n'kuvuula, n'kuyala titatu, mtima ukumuwawa ngati akuba. Ndiye masana, anthu atadzaza, anasuzumira pakawindo paja. Pakona panakhala bambo wina ndi mkazi wake, zovala zakale koma zosita bwino, anthu oti n'kuwaona analowa muno kamodzi kokha pa moyo wawo. Nsungwi atawaikira mbale, mayi uja anatukula katsamba kaja n'kuyang'ana pansi pake. Kenako anayang'ana mwamuna wake. Mwamunayo anaweramitsa mutu.

Mayi Sinditsitsa ankaidziwa nkhope imeneyo. Anaiona kambirimbiri pa mabenchi a anzake mumsewu: kasitomala wotero sabweranso, ndipo amakauza anthu kwawo. Anthu akasiya kubwera, chitseko n'kutsekedwa, mwana wake adzadya chiyani? Awa ophunzirawa bizinesi sakuidziwa, anaganiza choncho. Ndiwathandize.

Khukhi anali atafulatira, akulimbana ndi nsomba kumbali ina. Mayiyo anapisa dzanja lonse m'beseni, n'kutapa chodzaza chikhatho. Anachepetsa moto kuti mkati mupse bwino. Zinatuluka zofiirira, zokhukhuta, fungo lili guu khitchini yonse. Anaunjika m'mbale mpaka yoyera ija osaonekanso.

"Apongozi, uyu ndi pakora kapena zibakera?"

"Nyamula, usandichedwetse."

Nsungwi anacheuka kwa khukhi, anapukusa mutu, n'kunyamula. Anabwerako mano ali pamtunda: akuti tebulo lija layamikira, ndipo loyandikana nalo likufuna zomwezo. Mayiyo anatapanso. Mbale zinkabwerera zonyambita, ndipo miyendo anaiwala zoti imapweteka.

Patapita nthawi khukhi anaona kuti kwa iye kwangoti zii. Nsomba anazikonza kale, zili ndandanda pathebulo, nyama ikudikira pamoto, koma woitanitsa palibe.

"Nsungwi! Anthuwo afa kodi?"

"Akuti akhuta, akulu. Akungopempha madzi n'kumapita."

Khukhi anatembenuka. Anaona mbale imene inali pakawindo, anaona beseni la masamba a tsiku lonse lili gwaa, anaona thumba la ufa wa tchana, wovuta kupeza uja, litagona pansi lopepuka. Sanakalipe. Anangovula chipewa n'kukhala pa kreti ya zakumwa.

Mwini lesitilanti anali mayi wachitsikana wa nsapato za gogoda, wolankhula motsitsa mawu. Ataitanidwa analowa, anayang'ana nsomba zija nthawi yaitali, kenako epuloni yothina ija.

"Ndinu amayi ake a mtsikana wapachiwaya uja?"

"Ndine. Ndipo palibe wadandaula, abwana. Funsani wamtaliyu. Mbale zonse zabwera zoyera."

"Nanga nsomba izi ndizitani?"

"Muike mufiriji."

"Zathiridwa kale mandimu. Pofika mawa n'zotaya."

Mayiyo anapukuta manja. Kukambirana ndiye kunali kwake, sanagonjepo pamsika.

"Chabwino, ndalakwa. Mawa ndipanga tating'ono, ngati mapiritsi, mudzachita kutifunafuna ndi tochi."

"Ayi, amayi."

"Ndizitsukanso mbale. Ndizikolopa, ndi kuchimbudzi komwe."

"Alipo ochita zimenezo."

"Ndiye ine ndichoke, koma malo mumusungire. Mwanayo ali kunyumba, sanakhudze kanthu. Anapsa akugwira ntchito yanu yomweyi."

"Ndikudziwa," anatero mwiniyo, ndipo sanaoneke wokwiya, zimene zinapweteka kwambiri. "Koma mawa pachiwaya pafunika munthu. Iye sangathe, inu sindingakuikenipo. Pali mtsikana wina wakhala akubwera kudzafunsa ntchito, ndipo ndikamulemba sindingadzamuchotsenso. Epuloniyo musiye pa msomali."

Mayi Sinditsitsa anayang'ana khukhi. Khukhi anayang'ana pansi. Nsungwi anali atapeza tebulo lofunika kupukuta kutali uko. Mfundo ya epuloni inakana kumasuka, ndipo anachita kuivulira kumutu ngati mwana, anthu akuona.

Anabwerera wapansi, dzuwa litapendeka koma likuotchabe, akupuma pa mthunzi uliwonse. Njira yonse ankasanja mawu, koma ankangobalalika.

Kunyumba anapeza mwana wake atakhala pabedi, thabwa pamiyendo, dzanja lomangidwa bandeji litapanikiza anyezi, mpeni uli kumanzere. Tizidutswa tinali tokhuthala, tokhotakhota, maso ali ofiira.

"Taonani, amayi, ndayamba kuzolowera. Ndikalimbikira ndingabwerere ngakhale lisanapoletu. Zayenda bwanji? Khukhi sanakuvuteni?"

"Anthu adya," anatero mayiyo, ali chiimire pakhomo. "Akhuta onse."

Mpeni unaima.

"Akhuta? Ndi pakora?"

Mtsikanayo anayang'ana mayi ake kuyambira kumutu mpaka kumapazi otupa aja. Kenako anawerama n'kuyambanso kudula, mwamsangamsanga, mpeni ukuterereka pafupi ndi bandeji.

Mayiyo anayandikira n'kumugwira pamkono.

"Siya, mwanawe. Ungadzicheke pachabe."