Tsamba Lothithikana la Luwiza

Mayi wina anatsika pa kabaza pasukulu ya ku Mkanda Lolemba m'mawa, atakumbatira chikwama chakuda ngati khanda. Sananene kumene achokera. Analankhula pang'ono ndi a hedi, a Kefasi, kenaka n'kulowa mu Fomu 1 ndi kompyuta yam'manja ndi batire ya galimoto yotchajitsa pa Kamwendo. Ana a ku Mkanda anangowatcha Madamu. Ena ankanong'ona kuti athawa banja ku Chipata.

Madamu ankaphunzitsa kulemba malamulo opangira tsamba la pa intaneti. "Chizindikiro chilichonse chotsegula chili ndi chinzake chotseka," ankatero. "Ndipo muzilemba motayanitsa, kuti mnzanu awerenge."

Ankafuna kusiya kompyutayo pasukulupo, koma a Kefasi anakana. "Mukachoka idzangodya fumbi. Pokhapokha mwana mmodzi akonze yekha tsamba lolakwika, ine ndikuona."

Luwiza, mtsikana wofatsa wapabenchi yakumbuyo, ndiye ankaifunitsitsa. Koma iye, monga anzake onse, anakula akusunga mapepala a kope: ankalemba mothithikana mpaka m'mphepete, osasiya mpata. Pakompyuta ankachitanso chimodzimodzi.

Lachisanu, a Kefasi ali m'kalasimo, Luwiza anatsegula tsamba lake lonena za mtedza wa bambo ake. Nkhani yonse inatuluka m'zilembo zikuluzikulu ngati mutu.

"Aaa, tsamba lako likukuwa ngati kondakitala wa minibasi!" anaseka Enoki, mnyamata wovuta m'kalasimo.

"Khala chete iwe, lako silinatseguke n'komwe," anamudzudzula mtsikana wina.

Luwiza anayang'ana Madamu. Iwo anangopinda manja. Mtsikanayo anayang'ananso malamulo ake: chimulu chimodzi, chopanda poyambira. Anawerenga, maso n'kuchita chidima. A Kefasi anatsokomola n'kuyang'ana kukhomo.

"Dikirani, sala," anatero Luwiza.

Anayamba kudula chimulucho, lamulo lililonse pamzere wakewake, zam'kati n'kuzilowetsa m'kati pang'ono. Mtima unkamupweteka poona mipata yongokhala, koma sanasiye. Mizere italunjika, cholakwika chinaonekera chokha: mutu anautsegula koma sanautseke. Anautseka, n'kutsegulanso tsambalo. Mutu unakhala pamwamba, nkhani pansi pake, mwaulemu.

Kalasi inaphulika. A Kefasi anagwedeza mutu. "Chabwino, ikhale."

Masana Madamu anali pamsewu kudikira kabaza, chikwama chili chopepuka. Luwiza anawathamangira.

"Madamu, ikativuta tidzafunsa ndani? Ngakhale dzina lanu sitilidziwa."

Madamu anamuyang'ana, maso atadzaza misozi.

"Ndinachoka kuno iwe uli m'mimba, ine ndi bambo ako titayambana. Ndinkaopa kuti akamva ndabwera akuletsa kulowa m'kalasi mwanga. Koma ndaona kuti sanandiiwale, poti dzina langa anakupatsa iwe. Ndine azakhali ako, mwanangu. Ndine Luwiza."