Poyinti ya Mama Tusekile

Ine ndine Gordon, mlangizi wa zaulimi ku Kaporo, koma kwathu ndi ku Ntcheu. Chilema changa sindibisa: matope ndimadana nawo. Munthu wotere n'kumutumiza kudziko la mpunga, zimenezo ndiye za m'boma.

Zaka zitatu zapitazo anatipatsa kachipangizo kachikasu kotchedwa jipiesi, kofanana ndi mafoni akale aja. Ukaima pamalo n'kudina batani, kamasunga malowo n'kuwapatsa nambala; ife timati poyinti. Tsiku lofuna kubwererako umangosankha nambalayo, muvi n'kumakulozera, mamita n'kumachepa mpaka wafika. Ntchito yathu inali kutenga poyinti pakhomo pa mlimi aliyense wa mpunga.

Chaka chatha madzi anasefukira. Mudzi wa kumunsi unapita wonse: nyumba, makola, nthochi, ngakhale msewu. Madzi ataphwa panangotsala mchenga, ndipo mtsinje unasiya njira yake yakale n'kudzikumbira ina. Anthu anasamukira kumtunda.

Mu Ogasiti kuofesi kunabwera Mama Tusekile, mmodzi wa alimi anga a m'mudzi womwewo, mayi wamasiye. Anakana mpando, n'kukhala pakhonde. Chichewa chawo chimatuluka pang'onopang'ono, chokoka Chinkhonde.

“Alangizi, kawayilesi kanu kaja kakadalipo? Akuti sikaiwala malo.”

Ankafuna manda a Yunike, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anamwalira pobereka miyezi iwiri madzi asanabwere. Banja lawo limaika maliro pakhomo, kuseri kwa nyumba m'nthochi, osati kumanda akutali monga kwathu. Anali atapitako katatu ndi khasu, osazindikira chilichonse.

“Njerwa ndaumba kale zoti ndimuzungulizire. Koma ndiziika pati?”

Ndinayatsa jipiesi. Dzina lawo linalimo, poyinti 214. Nditangoiona nambalayo, ndinakumbukira tsiku lomwe ndinatenga poyintiyo. Kunali kutagwa mvula, kanjira kopita kwawo kali matope a m'mawondo, ine nditavala nsapato zatsopano. Ndinaima pamsewu, n'kudina batani, n'kulemba kuti ndi pakhomo pawo. Ndinati adziwe ndani?

Ndikanaulula pakhonde pomwepo. Koma manyazi ndi chinthu chopusa. Ndinangoti, “Mawa m'mawa, Mama.”

Tinatsika njinga pomwe msewu unathera, kachipangizo kakuti kwatsala mamita 1,400. Muvi wake uli ndi khalidwe: ukaima umangovinavina, umafuna uziyenda. Ndiye tinayenda, ine patsogolo, iwo pambuyo ndi khasu paphewa. Mchenga woyera mbali zonse, wotentha ngati chiwaya. Apa chidebe chokwiririka theka, apo nyanga za ng'ombe.

“Kakuti bwanji?” ankandifunsa kawirikawiri.

“Kwatsala mazana asanu ndi limodzi, Mama.”

M'njira monsemo ndinkakonza bodza. Ndinkati kakalira ndingoti ndi pano, iwo ayale njerwa zawo, alire, mtima ukhale pansi. Mchenga ndi mchenga, angasiyanitse ndani? Ndinafika podziuza kuti chimenecho ndi chifundo.

Mamita makumi awiri. Khumi. Kanalira tiii. Tinali pabwalo la mchenga lopanda ngakhale chitsa.

Mama Tusekile anatula khasu n'kundiyang'ana. Maso amenewo ndi omwe anandigonjetsa. Mayi woti akagwade pamsewu, kumalirira pomwe pankadutsa ngolo, chifukwa cha nsapato zanga? Ayi ndithu.

“Mama, ndinakulakwirani. Pano si pakhomo panu. Tsiku lija sindinafike. Ndinadina ndili pamsewu.”

Ndinayembekeza kuti andilalatira, ndipo zikanandiyenera.

“Ndikudziwa,” anatero.

“Mukudziwa?”

“Si tinkakuonani tili pakhonde? Yunike anaseka mpaka mpunga womwe ankapeta unatayika. Kuyambira tsikulo ankakutchulani Bwana Nsapato.” Anamwetulira pang'ono, kenaka kumwetulirako kunazima. “Ine sindinafune kuti mundipezere nyumba. Ndinafuna pomwe munaima. Munaima pomwe kanjira kathu kamayambira. Kuchokera pamenepo miyendo yanga ikudziwa.”

Anavula masilipasi n'kuwasiya pa poyintipo. Anatembenuka mpaka mapiri anali kumbuyo kwawo, n'kuyamba kuyenda. Tsopano wotsatira ndinali ine, kachipangizo kali lende m'khosi.

Sankayang'ana pansi. Atayenda pang'ono anakhotera kumanzere, kulambalala chulu chomwe kulibe. Patsogolo anawerama mutu, ndipo ndinakumbukira kuti panali mtengo wa mango wa nthambi yotsika. Anachepetsa liwiro pomwe panali chitsime, monga munthu woopa kuterereka. Zaka makumi atatu akuyenda kanjira kameneko ndi ndowa pamutu. Ine misozi inayamba kundivuta, ndipo sindichita nazo manyazi kunena.

Phokoso la madzi ndinalimva tisanafike. Ndinapemphera chamumtima kuti akhote, koma sanakhote.

Anaima pagombe lophwanyukaphwanyuka. Kutsogolo kwathu mtsinje unkayenda m'njira yake yatsopano, wofiirira, wosafulumira.

“Khomo ndi lino,” anatero, akuponda ndi chidendene. Analoza pamadzi. “Chipinda changa apo. Cha Yunike apo. Nthochi zinayambira pomwe pakuzungulira madzipo.”

Anakhala pansi, miyendo atatambalitsa, n'kuyamba kulira m'Chinkhonde, motsitsa, akumuitana mwana wawo. Mawu ambiri sindinawamve. Dzina lokha ndi lomwe ndinkalimva. Khasu linali pambali pawo, lopanda pokumba.

Patapita nthawi anapukuta nkhope ndi chitenje.

“Alangizi, kamasunga ndi pamadzi pomwe?”

“Kamasunga, Mama.”

“Mtsinje uwu ndi woyendayenda. Tsiku lina udzachokapo. Mwina ine kudzakhala kulibe.”

Sanandipemphe kuposa pamenepo. Ndinatsetsereka pagombe ndi nsapato zomwe. Matope anandimeza mpaka m'mawondo, madzi m'chiuno. Iwo ankandiwongolera ndi dzanja: patsogolo pang'ono, kumanja, bwererani. Atakweza chikhatho ndinaima. Ndinadikira kuti manambala akhazikike, monga anatiphunzitsira, n'kudina batani. Kanandipatsa nambala, koma ndinaifufuta n'kulemba dzina la Yunike, chilembo chimodzichimodzi.

Nditatuluka ndinawaonetsa. Kuwerenga sadziwa, koma anasisita kagalasiko ndi chala chachikulu.

“Ndagha,” anatero, kuthokoza m'Chinkhonde. “Njerwa zija ndizisunga.”

Pobwerera anatola masilipasi awo pa poyinti 214. Khasu ndinanyamula ine.