Foloko Imene Ndinapala

Mwana wanga wamkazi, amene anzake amamutcha Chiwala chifukwa cha kudumpha kwake, analowa m'shedi yanga yokonzera njinga cha m'ma leveni, njinga paphewa, gudumu lakutsogolo litapindika ngati mbale yopondedwa. Anali atagwa poyeserera. Mpikisano wa njinga zodumpha za BMX unali wa thuu koloko, ndipo atatu oyamba ndiwo ankalowa timu. Tsikuli analidikira zaka ziwiri.

"Ababa, akochi andibwereka ili," anatero akundipatsa gudumu lina. "Koma likukana kulowa."

Ine ndakonza njinga zaka makumi awiri ndi zisanu, zonyamula makala, za aphunzitsi, za azibusa. Tinjinga todumphira iti, topanda ndi kaliyala yomwe, sindinkatiyesa kanthu. Ndinaliyesa gudumulo. Limu, mkombero womwe tayala limakhalapo, inali saizi yomweyo, koma ekiselo, chitsulo chapakati pa gudumu, inali yonenepa, ya mamilimita 14, pamene mipata ya kumapazi a foloko, momwe ekiseloyo imakhala, inali ya 10 basi.

"Zazing'ono izi," ndinatero ndikutenga tupa.

"Ayi, ababa! Akochi amati foloko siipalidwa. Bwanji muchotse limu yokhayo, muilukire pa habu yapakati pa gudumu langa lakale? Masipoko ndi 36 konsekonse."

"Imeneyo ndi ntchito ya ola ndi theka. Akochi akowo anagwirapo sipanala?"

Ndisaname, chinandiwawa n'chakuti mwana wanga ankanditamira nzeru za munthu wina m'shedi yanga yomwe. Ife okonza njinga, chitsulo chikakana timachinyengerera ndi tupa, chikakanitsitsa timachiuza ndi hamala. Ndinamanga foloko pa vayisi, chopanira zitsulo, n'kuyamba kupala. Chiwala anaima pakhomo akuluma lamba wa chisoti chake, maso ali pa wotchi ya pafoni.

Chitsulocho chinali cholimba kuposa zimene ndinazolowera. Ndinkati mphindi makumi awiri zikwana, koma wani koloko inandipeza ndikadali pa phazi lachiwiri, thukuta lili kamukamu. Pomaliza gudumu linalowa. Ndinamanga manati, kulizungulitsa, linayenda myaa osagwedera.

"Ndinu dolo, ababa!" anakuwa Chiwala.

Ndinaona vutolo ndikupukuta fumbi la chitsulo. M'mbali mwa mpata wakumanzere munatsala kachitsulo kopyapyala ngati chikhadabo, ndipo pafupi ndi pamene anawotcherera panali kamzere kosweka, kochepa ngati tsitsi. Pa njinga yoyendera pansi, kameneko kakanatha chaka. Koma iyi imauluka kupitirira msinkhu wanga n'kutera ndi gudumu lakutsogolo. Ndinachita mantha.

Ndikanatha kukhala chete. Mwina folokoyo ikanapirira. Mwana anali atavala kale chisoti, mwendo umodzi uli pa pedulo, akumwetulira. Ndinagwira handulo.

"Tsika, mayi."

"Ababa, kwatsala mphindi makumi anayi!"

"Tsika. Foloko ndaiwononga."

Anawerama, nayang'ana pamene ndinkaloza. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ndiye lukani limu ija msangamsanga, ndikapempha andiike gulu lomaliza."

"Sizithandiza. Mng'alu uli pomwepo, ndipo habu yako izingokhwepa, mipata ndaikulitsa."

"Foloko ina mulibe?"

Ndinayang'ana pakhoma. Panali mafoloko oposa khumi atapachikidwa pa misomali, onse aatali, a njinga zazikulu. Panalibe ndi imodzi yomwe yolowa pa kanjinga kake.

Sanalire, sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Anavula chisoti pang'onopang'ono n'kuchiika pa benchi. Foni yake inalira. Anayang'ana dzina, kenako anandipatsira ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Ndi akochi. Auzeni ndinu, ababa."

Ndinapukuta dzanja pa ovolosi n'kuilandira. Kumbali inayo kunkamveka phokoso la anthu ndi chimkuzamawu chikuitana mayina.

"Uli kuti iwe?" anafunsa akochi. "Nambala yako ya mpikisano ndaigwira m'manjamu!"

"Ndine bambo ake," ndinatero. "Sabwera. Mwanayu anandiuza zoona, ine sindinamve."