Mapepala a Ntchila a Che Jaffalie

Maud Dinala anali atagwira ntchito zaka zitatu pa laibulale ya pa boma la Mangochi pamene Che Jaffalie, msodzi wachikulire wa kufupi ndi Malindi, analowamo koyamba. Munali mu 1984. Anavula nsapato pakhomo, ndipo Maud anachita kuwauza kuti angolowa nazo.

Anatulutsa khadi lothimbirira m'thumba la mkanjo. Anafotokoza kuti zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo ankapalasira bwato mzungu wina wofufuza za nsomba, dzina lake Davide, kumuonetsa mitsinje imene ntchila zinkakwera kukaswana zisanayambe kusowa. Atabwerera kwawo, mzunguyo anatumiza khadilo kuwauza kuti zimene anapeza zasindikizidwa m'magazini ya akatswiri. Iwo anali asanazionepo.

Magazini yotereyo pamashelefu a Maud panalibe. Komabe pakhadipo panali dzina lake, chaka ndi nambala za masamba. Analemba fomu yopempha naitumiza ku laibulale ya yunivesite ku Zomba. Patatha milungu itatu anayankha kuti kope la chaka chimenecho alibe, koma pempholo alipititsa ku laibulale ina ya ku Mangalande yomwe imajambula mapepala n'kutumizira ofuna.

Che Jaffalie ankafika panjinga Lachisanu lililonse akatuluka kumzikiti. Sankafunsa zambiri. Maud akapukusa mutu, iwo ankakhala pabenchi kanthawi kuonera zithunzi m'buku la mapu, kenako n'kutsanzika.

Envelopu inafika patatha miyezi inayi, yotsegulidwa kale n'kumatidwanso, monga zinkakhalira ndi zochokera kunja masiku amenewo. Munali masamba khumi ndi limodzi, osasowapo ngakhale limodzi.

Lachisanu lotsatira Maud anakhala nawo patebulo lapakona, akuwerenga Chingerezi n'kumamasulira pang'onopang'ono. Kumapeto kunali mzere wothokoza "Bambo Jaffalie, msodzi". Mkuluyo anapempha kuti awalozere pamene pali dzina lawo, nayang'anapo nthawi yaitali. Kenako anati abwerere patsamba la mapu.

"Apa Davide anasokoneza, mayi," anatero. "Mtsinje uwu umaphwa msanga, ntchila sizikweramo. Ndinamuonetsa winawu, wakumpotowu."

Maud anawafunsa ngati akutsimikiza, poti zaka zapita. Anayankha kuti mumtsinje wakumpotowo ndi momwe bambo awo ankatchera miono, ndipo iwo anakuliramo. Chimene chinawadetsa nkhawa n'chakuti anthu a zansomba akadzafuna kuteteza malo oswanirana, adzatsata mapuwo n'kukalondera mchenga wouma.

Maud anali asanalemberepo akonzi a magazini, ndipo anaopa kuti kalata yochokera kwa msodzi ndi kalaliki wa laibulale angoitaya. Anapita kunyumba osalonjeza kanthu. Koma Lolemba anabwereka taipi ku ofesi yoyandikana nayo, nalemba zonse monga anazinenera mkuluyo: miyezi ya mvula, kuya kwa madzi, mayina a mitsinje iwiriyo m'Chiyao. Lachisanu anawawerengera, iwo anakonzapo mawu awiri, nadinda chala pansi pake. Kenako Maud anaitumiza kalatayo kwa akonzi a magaziniwo.

Mvula inagwa n'kutha. Mu Juni kunabwera kalata ya Davide mwini. Anavomera kuti anasokoneza zolemba zake za m'bwato, napepesa. Anati magazini idzasindikiza ndime yokonza cholakwacho, ndipo pamwamba pake padzakhala mayina awiri, la Che Jaffalie patsogolo.

Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto, nangoti Alhamdulillah chapansipansi, kuthokoza Mulungu. Anakana kutenga mapepalawo, ati denga lawo limadontha, ndipo kunyumba angowasunga m'bokosi osawerengedwa.

Maud anawasokera chikuto cha katoni, nawalembera khadi m'kabati ya mayina a mabuku. Mwezi usanathe, mlangizi wa zansomba wa ku Monkey Bay anabwera kudzawapempha. Maud anamupatsa pamodzi ndi kope la kalata ya Che Jaffalie ija, namuuza kuti ayambe wawerenga kalatayo asanayang'ane mapu.