Mafoni Akale a Vitalis

"Aka kapite kwa bana, baziseweretsa," anatero amalume Ackim, akuvuula kafoni kakuda m'katoni.

Linali tsiku logawa katundu wa malemu Vitalis, pakhomo la makolo ake ku Kanakantapa. Malaya anali atapeza eni, nsapato nazo zitapeza mapazi atsopano. Chotsala chinali katoni ya mafoni akale, ena osweka galasi, ena omangidwa ndi mphira. Fridah, mlongo wake wa malemu, anasendera kuchoka pakati pa amayi n'kugwada chapatali.

"Amalume, ayo mafoni si yogaba. Ni ya nchito."

"Nchito bwanji? Mwine wa nchito tamushika kumanda."

Mawuwo anamubaya Fridah. Iye ndi Vitalis ankalemba limodzi pulogalamu ya pafoni yowerengera alimi mokweza mitengo ya tomato ndi repu kumisika ya Chongwe ndi Lusaka. Pulogalamuyo inali imodzi, koma poimanga ankaisokera foni iliyonse malaya akeake. Foni yatsopano imapereka memori yochuluka, pulogalamu n'kumatunga ndi ndowa. Yakale njaumbombo: ukaipempha yambiri nthawi imodzi imangozima, ndiye pamafunika kuuza pulogalamu kuti izitapa pang'onopang'ono n'kumabweza msanga. Zimenezi sungazitsimikize pakompyuta pokha ayi, mpaka uyese pafoni yeniyeniyo. Katoniyo ikamwazika, Fridah sakanathanso kumangira mafoni a alimi osauka.

Koma kufotokozera amalume Ackim za memori, pamaliro, anthu akuyang'ana, kunali kulemba m'madzi. Komanso panali chilonda chakale. Amalumewa anagulitsa chigawo cha dimba la banja kwa anthu ofuna mapuloti, Vitalis n'kuwanena pamaso pa akuluakulu kuti ndi wakuba. Chichokereni tsiku limenelo, awiriwa ankangodutsana ngati osadziwana. Zaka zinapita, moni osatuluka. Ndiye lero mwambo n'kusankha munthu yemweyo kuti agawe malaya a mphwake. Abale ena ankanong'onezana kuti akugawa ndi mtima wobwezera.

"Nipempha chabe katoni iyo," anatero Fridah. "Vina vonse mugabe."

"Iwe Fridah, kapena mu Lusaka muchita vinangu, koma kuno katundu wa malemu sasankha mukazi. Tikasiya kanthu, bantu bazakamba ati tinabisa."

Chomvetsa chisoni n'chakuti kafoni kamene kanali m'manja mwa amalumeko, Fridah mwiniwake ankadana nako. Kanali kamtundu umene mafakitale anasiya kalekale. Memori yake inali yochepetsetsa moti kanali ndi makonzedwe akeake, ndipo nthawi iliyonse yotulutsa pulogalamu yatsopano kankawachedwetsa. Vitalis ankakhala nako pakhonde, akuchepetsa apa, akuyesanso, kafoni kakuzima, iye n'kumakanyengerera ngati ng'ombe yokana goli.

"Tikachose aka, kakutisilira ntawi," Fridah ankamuuza.

"Pakali muntu umozi amene akasebenzesa."

"Nindani?"

"Mulimi," ankangotero, n'kuseka.

Mnzawo wa ku Lusaka, Cheelo, anali ataimba dzulo lake kuti tsopano makonzedwe akalewo angofufutidwa, ntchito ipepuke. Fridah anali atavomera theka. M'mawa umenewo anakatchaja kafoniko n'kukayatsa, mwina pofuna kukatsanzika.

Dzuwa litafika pamutu, kafoni kanalira m'manja mwa amalume, kabelu ka pulogalamu kolengeza mitengo masana aliwonse. Nthawi yomweyo kabelu kena kanayankha kuchokera m'thumba la jekete lawo, mawu awiri n'kuyamba kunena pamodzi mtengo wa bokosi la tomato. Amayi ena anaseka, kenako anakumbukira kuti ali pamaliro.

Amalume anapisa m'thumba mwamanyazi kuti azimitse. Chimene anatulutsa chinali mapasa ndi chimene chinali kudzanja linalo: kakuda, kakang'ono, kofufutika m'mbali.

Fridah anagwira pakamwa.

"Amalume, iyo pulogalamu muisebenzesa?"

"Siku lililonse. Nanga ningatume tomato ku Lusaka kosaziba mutengo? Mukazi wanga ananiikira. Banzanga bonse yao inaleka kusebenza kalekale, banagula mafoni yanyowani. Yanga ni yolimba."

"Si yolimba, amalume." Fridah anapukusa mutu. "Iyi foni siyenera kuikwanisa pulogalamu. Ba Vitalis benze kuikonzera payeka, ntawi zonse. Banachita kugula inzake pa market kuti baziyeserapo. Benze kukamba ati pasala muntu umozi."

Kuseri kwa nyumba wina ankatsuka mapoto obwereka kutchalitchi.

"Enze kuziba kuti ndine?" anafunsa amalume.

"Pulogalamu ionesa kuti mutundu uyu wa foni unasala umozi chabe, ku Kanakantapa. Benze kuziba."

Amalume Ackim anayang'ana mafoni awiriwo nthawi yaitali. Anthu amene anabwera kudzaonera mkangano anayamba kuyang'ana pansi. Ndiyeno mkuluyo anapukuta galasi la kafoni ka Vitalis ndi mkono wa jekete, mosamala, n'kukabwezera m'katoni. Anadzuka pampando, mawondo akulira, nanyamula katoni yonse ndi manja awiri. Anadutsa pakati pa mphasa mpaka pamene Fridah anagwada, ndipo m'malo momupatsira ali chiimire, nayenso anagwada.